Miphika Imene Madzi Anamubweretsera Otilia

Otilia sanabadwire kuno ayi. Anabadwira kutsidya, kwa Apwitikizi, ndipo mayi ake anafa iye asanamere ndi dzino lomwe. Anamulera ndi masisitere a pamishoni. Kumeneko anaphunzira kuchapa, kusita, kupemphera m'Chipwitikizi ndi kukolopa pansi mpaka munthu kumadziona nkhope. Za kumudzi sanaphunzire n'chimodzi chomwe. Kuzira nyumba anadzaphunzira ali kale ndi mabere, anzake akumuseka. Mugwire bwino pamenepo, chifukwa tsoka lake lonse linatulukira pomwepo.

Anawoloka ali mtsikana, mfuti zitayamba kulira kwawoko, n'kulowa ntchito yophika kwa mzungu wina wa kuminda ya nzimbe. Dona wa m'nyumbamo anali ndi misala yakeyake. Lichero, lichero lenileni lopetera, iye ankalikhomera pakhoma ngati chithunzi cha woyera mtima. Mumtondo wong'ambika ankadzalamo maluwa. Mkeka umene ife timagonekapo mwana wokodza pogona, iye ankaupachika pabalaza kuti alendo aziuyang'ana. Poyamba Otilia ankaseka mpaka kukabisala kukhitchini. Kenako anasiya kuseka. Kenako tsiku lina anangopezeka wayima pakhomo, kansanza kali m'manja, akumuuza donayo kuti lichero lapendekeka. Matenda anali atamulowa.

Mwamuna wake anali Kaitano, woyendetsa ngolo, wa kutsidya komweko nayenso. Munthu wosalankhula, koma wotola. Msomali wopindika, waya, chidutswa cha thabwa, lamba woduka, zonse ankaponya m'ngolo. Kuseri kwa nyumba yawo kunali ngati dzala la mudzi wonse. Ukamufunsa kuti zimenezi n'zachiyani, ankangoti, "Zidzagwira ntchito." Awiriwa anapezanadi: wina wotola, wina wopachika.

Dona atabwerera kwawo, Otilia anati zophikira anthu ena zakwana. Anabereka mwana wake Luisa kumbuyo, n'kusamukira pa Ngabu, pafupi ndi msika wa thonje. Panali kanyumba ka zidina kopanda chitseko, kogona mbuzi. Kameneko ndi kamene anakasandutsa golosale.

Magolosale ena onse anali ndi shuga, sopo, palafini, machesi ndi zakumwa za m'mabotolo. Iye anati ayi, ndigulitsa za m'nthaka. Mapira, mchewere, khobwe, chitowe, mfutso, bwemba, malambe, masau ouma, uchi, milamba yowamba, ndi nyika zomwe, zija timazula m'dambo chaka cha njala. Anthu anagwira pakamwa. Nyika m'golosale! Chakudya chimene munthu amadya atatseka chitseko kuti anansi asadziwe kuti kwake kwathina! Koma pa Ngabu pali anthu opanda minda: makalaliki a thonje, aphunzitsi, anamwino, madalaivala a malole. Amenewo anayamba kubwera, poyamba akuyang'ana uku ndi uku ngati akuba, kenako poyera.

Golosale imeneyi ndi chinthu chokhacho chimene Otilia anakhala nacho chakechake chibadwire. Bedi la kumishoni linali la masisitere. Mapoto a kuminda ya nzimbe anali a dona. Dziko lenilenili linali la eni ake, ndipo khadi la chipani limene ankayenda nalo atalimangira kumpango silinkaiwalitsa anthu kumene iye anachokera. Ankadziwa kuti tsiku limene adzalakwe, sadzamuuza kuti wachimwa, adzamuuza kuti woloka.

Ndiye kunabwera chaka cha madzi. Tchiri, mtsinje wathu waukulu, anadzaza mpaka kuiwala njira yake. Anadya madimba, anadya nyumba, anadya makola ndi mbuzi zomwe. Midzi ya m'mphepete inasamuka, ina n'kudzamanga misasa kumtunda kuno, kuseri kwa Ngabu. Madzi ataphwa, Kaitano anatsetsereka ndi ngolo kukaona zotsala. Kuno chimene madzi asiya pamchenga n'cha wotola, palibe mlandu. Kwa Kaitano chaka chimenecho chinali ngati phwando la ukwati. Ankapita ngolo ili gwa, kubwerako ng'ombe zikutuluka thovu.

Anabwera ndi theka la bwato, nkhafi, mono, nsungwi, mtondo. Ulendo wina anabwera ndi miphika. Anati anaipeza itakodwa m'bango pamalo amodzi, yodzaza matope. Inalipo ya ndiwo, nkhali, timitsuko, ina yakuda bii ndi mwaye wakalekale. Otilia anaitsuka umodziumodzi, ndipo potsukapo anaona kuti madzi akudontha.

"Bambo a Luisa, bwanji yonse ndi yoboola pansi?"

Kaitano anali akumasula ng'ombe. Sanatembenuke. "Zitsa za m'madzi."

"Pyadidi, zakhala bwino! Zandichepetsera ntchito. Chingwe chilowa pomwepo."

Chitsa chanji chimene chimaboola miphika pamalo amodzimodzi, kabowo kozungulira bwinobwino ngati kachita kuyezedwa? Mwana aliyense wa kuno akanamuuza. Munthu akafa timatenga mphika wake, mbale yake, chikho chake, n'kuziboola pansi, n'kukazivundikira pamtumbira, kuti pasapezeke wozitenga n'kumaphikiramo. Tchiri chaka chimenecho sanadye nyumba zokha, anadya ndi manda omwe. Koma Otilia manda amene ankawadziwa ndi a pamishoni, a mitanda yoyera. Pamaliro a kumudzi iye ankathera kumaphikiro, kumanda osapondako. Iye anaona miphika yokongola yobwera yoboolaboola kale, n'kuthokoza Mulungu.

Anatseka golosale masiku angapo n'kugwira ntchito ngati wagwidwa ndi mizimu. Khoma analipaka dothi loyera losakaniza ndi phulusa, m'munsi mwake n'kuzunguliza mzere wa dothi lofiira. Pansi anazira ndi mtsiro wakuda mpaka kuwala. Theka la bwato lija analigoneka pakati pa nyumba, n'kuligawa zipindazipinda ndi bango: umu mapira, umu mchewere, umu khobwe. Mashelefu anamanga a nsungwi, ndi luzi lokhalokha, popanda msomali. Milamba anaiika m'mono n'kuupachika pakona, ngati yangokodwa kumene. Kunsi kwa denga anayala mikeka ya mlaza, moti dzuwa la pa Ngabu lija, lowotcha dzira pamchenga, ukalowa m'menemo linkakusiya pakhomo. Palibe chimene anagula. Zonse zinali zotola, zopatsidwa, zokumba.

Miphika ija anaisunga komalizira. Anapota zingwe za khungwa la mlambe, n'kupisa m'mabowo muja, n'kuipachika chozondoka kumitanda ya denga, m'mwamba mwenimweni. Kunsi kwa mphika uliwonse anamangako ngala za mapira, tsabola wofiira kapena mtolo wa bwemba. Sikunali kukongoletsa kokha. Khoswe akatsika ndi chingwe ankafika pamphika, n'kuterereka, n'kugwa pansi chagada. Otilia ankaseka yekha akamva phii.

Tsiku lotsegula anthu ankayima pakhomo, kulowa osalowa. Veronika, mayi wa zitumbuwa amene ankakhala pansi pa mtengo moyang'anana ndi golosaleyo, anasuzumira n'kuwomba m'manja.

"Mayi a Luisa, kodi tigwade kaye? Madzi odalitsa ali mbali iti?"

"Lowa, shamwali, koma mafuta ako a zitumbuwa usandipakire kukhoma."

"Iii, bwato m'nyumba! Amuna anu akakunyansani muzingopalasa kubwerera kwanu?"

Anthu anaseka, analowa, anagula. Ankabwera ena ochokera kwa Lundu, ena kwa Mbenje, kudzagulitsa thonje, n'kupatukira kuti akaone nyumba ija anthu akuikamba. M'mwamba munali mdima, ngala za mapira zinkatchinga, ndipo munthu wanjala amayang'ana m'bwato, sayang'ana kudenga. Ena ankati akalowa tsitsi limawanyerenyetsa, koma ankati n'kuzizira kwa mikeka.

Amene anayang'ana kudenga anali Symon, tcheyamani wa chipani. Symon uyu kale anali mkamwini kumudzi wina wa m'mphepete mwa Tchiri. Mkazi wake woyamba, Mariya, anafa pobereka, iye n'kusamukira pa Ngabu, n'kukwatira wina, n'kunenepa. Ntchito yake inali kuyendera masitolo kuona makhadi ndi kuona ngati chithunzi cha Mtsogoleri chapachikidwa bwino. Analowa, anaona khadi, anaona chithunzi, anakweza mutu. Anakhala nthawi yaitali chikwezere.

"Amayi, pamwamba pa chithunzichi pali chiyani?"

"Denga, bambo tcheyamani."

"Denga ndi chiyani?"

"Ndi miphika."

"Eya. Ndiye mukufuna kutiuza kuti mphika ndi wamkulu kuposa..." Sanamalize. Masiku amenewo mawu otere palibe ankawamaliza. "M'nyumba ya malonda palibe chimene chimakhala pamwamba pa chithunzi. Ndikadzabwera ndidzapeze mwakonza."

Symon atatuluka, Otilia anayang'ana chithunzi chija. Chithunzi kuchikweza sikukanatheka, khoma linali lalifupi. Ndiye anapota zingwe zina zazitali, n'kutsitsa miphika yonse. Tsopano inkalendewera pamwamba pa bwato, molingana ndi nkhope ya munthu, matako ake m'mwamba, kuwala kwa pakhomo kukuimenya. Iye anabwerera m'mbuyo, anayang'ana, n'kuona kuti yakongola kuposa kale. Anatenganso mafuta a nsatsi n'kuipaka kuti iwale.

Mawa lake linali tsiku la msika wa thonje, golosale yodzaza. Munalowa mayi wina wokalamba, wowonda ngati bango, dzina lake Esinala, mmodzi wa anthu aja anasamutsidwa ndi madzi. Anali woumba mbiya kumudzi kwawo, ndipo anali mayi ake a Mariya uja. Sanabwere kudzagula, analibe chogulira. Anabwera kudzathawa dzuwa.

Anayenda pang'onopang'ono m'mbali mwa bwato. Kenako anayima. Panali kamphika ka ndiwo kakuda, kopindika mlomo mbali imodzi, kozungulizidwa timizere ta chitsononkho. Anakweza dzanja, anakagwira, anakatembenuza, anayendetsa chala chake chopindika pamlomo wopindikawo, chala n'kukwana ndendende.

"Mariya."

Ananena motsitsa, ngati akudzutsa mwana. Kachiwiri sananene motsitsa.

"Mariyaa! Mwana wanga iwe! Wakupachika pano ndani?"

Mphunzitsi wina anali atanyambita uchi pachala kuti aulawe, chala chinangotsalira m'kamwa. Anthu anakweza maso, ndipo ulendo uno anaona. Anaona matako a miphika. Anaona zingwe zikutuluka m'mabowo. Anaona kuti yavundikirika mmene timavundikirira.

"Manda!" anakuwa mayi wina. "Mayo ine, takhala tikudya kumanda!"

Khomo linachepa. Ena anatulukira pazenera. Mphunzitsi uja ankalavula akuthamanga. Mayi wina anagwira mwana wake pakhosi n'kumupisa chala kuti asanze malambe. Otilia anatsala chiimire kuseri kwa bwato, chikho choyezera chili m'manja, mchewere ukutayikira pamapazi ake.

"Manda ati?" anafunsa. "Anthu inu, manda ake ati?"

Veronika yekha ndi amene anamuyankha, ataima panja, phazi osaliponda pakhomo. Nthabwala zinali zitamuthera.

"Otilia, iwe ndiwe mwana kapena ndiwe mfiti? Mphika woboola pansi sudziwa kumene umakhala?"

"Ndi zitsa za m'madzi..."

"Zitsa! Umenewo ndi mphika wa munthu wakufa, mkazi iwe! Uliwonse pamenepo uli ndi mwini wake, ndipo mwini wake ali pansi pa nthaka!"

Otilia anayang'ana miphika imene anaitsuka ndi manja ake, kuipaka mafuta, kuiimbira nyimbo za kumishoni. Anakhala pansi pomwepo, pamchewere.

Dzuwa lisanapendeke nkhani inali itafika kumisasa. Anthu a m'mphepete anabwera gulu, n'kumasuzumira pazenera. "Uwo ndi wa malume." "Nkhali iyo ndi ya agogo, taonani chigamba." Maliro amene analiridwa kalekale anayambiranso pakhomo pa golosale. Amene anagula dzulo ndi dzana ankabwera ndi malichero, kukhuthula mapira pakhomo n'kutembenuka osalankhula. Mulu unakula mpaka nkhuku kudabwa, ndipo eni nkhuku ankazithamangitsa kuti zisatole. Kumsika anthu anali atamaliza kale kuweruza: n'chifukwa chake golosale ya nyika inkadzaza chonchija. Mkazi wa kutsidya wakhwima, akuitana anthu ndi miphika ya akufa.

Symon anafika nkhope itatupa. Sanalowe. Analankhulira pamsewu kuti aliyense amve.

"Mawa m'mawa eni miphika atenge miphika yawo. Zotsala zonse, bwato, mikeka, chakudya, titentha. Nyumba iyi titseka. Ndipo inu amayi, muyambe kukumbukira njira imene munadzera."

Otilia anakamupeza Kaitano kukhola, akuchotsa nkhupakupa ng'ombe imene inalibe nkhupakupa.

"Bambo a Luisa, munkadziwa?"

Kaitano anakanda khosi la ng'ombe. "Ndinkaganiza."

"Munkaganiza! Nanga pakamwa panu panali patatupa?"

"Munasangalala kwambiri, mayi a Luisa. Ndinati mwina ndi zitsadi."

"Mwanditolera maliro a mudzi wonse n'kundiikira m'nyumba, ine n'kumawapaka mafuta ngati akwati! Munthu wamkulu ndi ndevu zanu!"

Kaitano anapitiriza kukanda ng'ombe. Kwa nthawi yoyamba chikwatirane sananene kuti zidzagwira ntchito.

M'mawa Otilia sanadikire kuti amukoke. Anavala nsalu yakuda, anatsegula golosale, n'kuyamba kumasula miphika yekha. Uliwonse ankatuluka nawo, kugwada pafumbi, kupereka ndi manja awiri kwa mwini wake. Ena ankalandira osamuyang'ana. Bambo wina anamulavulira pafupi ndi bondo. Iye ankangoti, "Pepani, sindinadziwe," mpaka mawu anasasa. Eni ake anali atagwirizana kuti akaivundikire kumanda atsopano kumtunda.

Esinala yekha sanayime panja ndi anzake. Anali atalowa, atakhala pansi pozira paja, atatambalala miyendo, kamphika kakuda kaja kali pamwamba pa mutu wake. Otilia anakasiya komalizira. Atatambasula dzanja kuti amasule chingwe, mayi uja anamumenya pamwendo.

"Usiye."

"Amayi, ndikupatseni..."

"Ndati usiye. Ndiwe wogontha?"

Nthawi yomweyo anatulukira Symon ndi anyamata a chipani, botolo la palafini lili m'manja. Anafika pakhomo mwamphamvu, anasuzumira, n'kuona amene wakhala pansi. Mphamvu zonse zinathera pomwepo. Mkamwini sayang'anana ndi apongozi ake, ngakhale mkazi atafa, ngakhale iye atakhala tcheyamani. Anavula chipewa, anabwerera chafutambuyo, n'kukaima chopenya mtengo wa Veronika, msana kugolosale. Esinala nayenso anatembenukira kukhoma n'kufunda nsalu kumutu.

"Mayi a zitumbuwa," anatero Symon kuuza mtengo, "tawauzeni amayi kuti atuluke ndi katundu wawo, tikufuna kugwira ntchito."

Veronika anaima pakati, pakhomo penipeni. "Akuti mutuluke, amayi."

Esinala anayankha ali chipenyere khoma: "Ndamva, sindinagonthe. Uwafunse akamwini angawo kuti mphika uwu ndikauvundikira pati. Manda a mwana wanga ali pansi pa Tchiri, ng'ona zikuothera dzuwa pamwamba pake. Kumanda atsopanowo kuli fupa lake? Ndikavundikire chiyani, nyerere?"

"Akuti akavundikire..."

"Ndamva," anatero Symon.

"Uwauze kuti madzi ataphwa ine ndinayenda m'mphepete monse mpaka mapazi kung'ambika, kufuna ngakhale phale lokha. Uwafunse ngati iwo anayendako."

Khosi la Symon linali litayamba kutuluka thukuta.

"Uwauzenso kuti kamphika aka ndinaumba ine, Mariya akulowa m'banja. Therere limene linawamanga thupi limene akunyadira lerolo linkaphikidwa m'menemu. Ndamva kuti anabwera muno dzana, anakayang'ana nthawi yaitali, mpaka kulamula kuti katsike. Maso anali pamphika, koma anaona chithunzi chokha. Mlendo uyu sanadziwe chifukwa ndi mlendo. Iwo sanadziwe chifukwa chiyani?"

Panja panali anthu ochuluka ngati pamsonkhano. Mnyamata wina wa chipani anayang'ana kumwamba, masaya atatupa ndi kuseka kobisa.

Esinala anapitiriza, mawu atatsika tsopano. "Kumanda kuja mvula inkakamenya, mbuzi zinkakagubuduza. Ine mwini wake ndinkapitako kamodzi pachaka. Uyu wakatsuka, wakapaka mafuta, wakaika pamthunzi, pansi pozira. Mwana wanga sanakhalepo m'nyumba yokongola chonchi ali moyo. Akatentha muno, atentha manda a mkazi wawo. Akatseka chitseko, anditsekera mwana. Uwauze atenthe, koma ine sindidzuka."

Kenako anachita chimene anthu a pa Ngabu akuchikambabe. Anatambasula dzanja, anathyola bwemba pamtolo umene unkalendewera kunsi kwa kamphika kaja, anaswa, n'kuponya m'kamwa. Azimayi anakuwa ngati aona njoka. Wina anathawa. Iye anatafuna mosafulumira, nkhope itakwinyika ndi kuwawasa, n'kulavulira njere m'dzanja.

"Chakudya cha mwana wanga ndidye n'kufa? Iwe mlendo, tandipatsa madzi. Wangoti tong'oo ngati kadzidzi bwanji?"

Otilia anathamanga kukatunga, theka la madzi n'kutayikira m'njira.

Symon anakhala chipenyere mtengo. Kenako anaika botolo la palafini pansi, pang'onopang'ono, ngati dzira.

"Muwauze amayi kuti ndamva."

Anavala chipewa n'kumapita, anyamata ake pambuyo. Za njira imene Otilia anadzera sanazitchulenso. Anthu atabalalika, Kaitano anatulukira kuseri kwa nyumba kumene anabisala, anayang'ana uku ndi uku, n'kutola botolo lija.

Musaganize kuti zinthu zinabwerera mwakale. Chakudya chonse chimene chinagona pansi pa miphika Otilia anakachikwirira kudzala, kupatula mtolo wa bwemba uja, umene Esinala anautsiriza yekha. Golosale inakhala mwezi wathunthu bwato lili mbee. Mphunzitsi wa uchi uja sanapondemonso mpaka anamusamutsa. Amayi oyembekezera ankalambalala kutsidya kwa msewu. Veronika anabwerera, koma kwa zaka ankagulira pazenera, akutukwana.

"Mayi a Luisa, tandipatsani chitowe, koma chakutali ndi alamu anuwo."

Anayamba kubwerera ndi anamwino, amene akufa anawazolowera. Kenako madalaivala a malole, amene anamva nkhaniyi kutali n'kumafuna kuona okha. Kenako anthu a kumisasa, poti ankadzamutenga Esinala kuti akadye, iye n'kumakana kudzuka, iwo n'kukhala naye pansi. Mayi ameneyu m'mawa uliwonse ankafika ndi katsache kake, kusesa pansi pa kamphika pokhapo, n'kukhala. Ankamuuza Mariya za mtengo wa thonje ndi za mkazi watsopano wa Symon. Makasitomala ankamulambalala ngati mmene umalambalalira nsanamira. Otilia ankamupatsa phala la mchewere, iye n'kumadandaula kuti mchere wachepa.

Pamene panali miphika ina paja Otilia anapachikapo zipanda zolima yekha kuseri kwa nyumba. Makoswe ankatererekabe. Kaitano sanasiye kutola, koma chilichonse chimene wabwera nacho chinkayamba chagona panja, Otilia n'kuitana Esinala kuti achitembenuze, achinunkhize, anene kuti n'cha amoyo. Mpando wina wabwinobwino Esinala anaukana, ndipo sananene chifukwa. Otilia sanafunse. Anauwotcha.

Esinala anafa nthawi ya dzinja, Luisa ali kale mtsikana woyeza yekha mapira. Tsiku la maliro Otilia sanapite kumaphikiro. Anatsegula golosale, anamasula kamphika kakuda kaja, anakakulunga m'nsalu yake yabwino, n'kutsatira mtembo mpaka kumanda, koyamba m'moyo wake kuponda manda a kumudzi. Adzukulu atamaliza kuunda mtumbira, abale anavundikira mphika wa Esinala, woboola kumene. Otilia anagwada n'kuvundikira wa Mariya pambali pake, milomo kugundana. Symon analipo, imvi zili mbuu. Ulendo uno anauyang'ana, n'kuudziwa.

Chingwe chija Otilia sanachimasule. Chinkalendewera chokha pamwamba pa bwato, pansi pang'ono pa chithunzi. Mlendo akafunsa kuti chingwe chopanda kanthu n'chachiyani m'nyumba yokongola chonchi, iye ankapitiriza kuyeza mchewere.

"Pali mwini wake. Mukufuna zikho zingati?"